Manja Awo Timawafuna, Nanga Mawu Awo?

Munthu wa kunyanja akakwera mapiri a ku Ntcheu m'mwezi wa June, choyamba kumulonjera ndi mphepo. Ife ozolowera kutentha kwa ku Mangochi ndi ku Salima timafika ku Nzama titakumbatira mapewa, tikudabwa ana akuthamanga opanda juzi m'mbali mwa minda ya kachewere ndi kabichi. Malowa ali m'dera la Angoni, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Mozambique, ndipo ambiri a ife sitidapondeko. Komabe mbiri yake imatikhudza, pakuti kumeneku funso lina lakale lidayankhidwa mosiyana ndi m'mene makolo athu adaliyankhira kunyanja.

Mu 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Augustin Prézeau ndi Anton Winnen, adafika kwa mfumu Njobvuyalema napatsidwa malo pa Nzama, ndipo chaka chotsatira adatsegula sukulu. Kwathu kuno ansembe ena, a White Fathers, adali atayesapo kale. Adakhala kwa Mponda kuyambira 1889, koma pofika 1891 adasamuka osasiya mpingo. M'zaka zotsatira makolo athu ambiri, poona kuti sukulu za amishoni zinkabwera pamodzi ndi ubatizo ndi dzina latsopano, adasunga ana awo pakhomo ndi ku madrasa. Sitingawanyoze, chifukwa adateteza chinthu chimene lero tikadakhala tilibe. Koma mtengo wake tikuudziwanso. Ukalaliki, uphunzitsi ndi ntchito za boma zidapita kwa ana a ena, ndipo chilonda chimenecho chidatenga mibadwo kuti chiyambe kupola.

Chimene chimatigwira mtima m'mbiri ziwirizi n'chakuti mfumu imene idavomera ndi kholo limene lidakana adafanana pa chinthu chimodzi. Onse adagamula za moyo wa mwana, mwini wakeyo ali chete pambali. M'nthawi imeneyo palibe akadaona chachilendo pamenepa. Lero alendo ena afika, osati ndi belu la tchalitchi koma ndi galimoto zoyera ndi mapulogalamu a achinyamata, ndipo akuti mwanayo alankhule. Kodi akunena zoona? Ndipo ngati akunena zoona, ife akulu tisiye chiyani, tigwiritse chiyani?

Nkhaniyi si ya anthu ochepa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo oposa theka adali osakwanitsa zaka 18. Pamapepala zonse zidakonzedwa kale. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi adalivomera mu 1991, limati mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza molingana ndi msinkhu wake. Maiko a mu Africa adagwirizana pangano lawo la achinyamata ku Banjul mu 2006. Kuno kwathu bungwe la National Youth Council of Malawi lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo mu 2007 unduna wa zaumoyo udatulutsa miyezo ya m'mene zipatala zizilandirira achinyamata. M'mapepala onsewa muli mawu amodzi obwerezabwereza: kutenga nawo mbali. Mawuwa ndi okoma m'kamwa, koma ndi otakasuka ngati thumba, moti aliyense amaikamo zimene wafuna.

Amene tidakula m'nthawi ya Kamuzu tikukumbukira mtundu wina wa kutenga mbali. Chaka ndi chaka kunkakhala sabata ya achinyamata, ija inkatchedwa Youth Week, pamene ana a sukulu tinkaumba njerwa, kulambula misewu ndi kukonza milatho. Tisaname, ntchito idagwirika, ndipo ena a ife tidaphunzirira m'zipinda zomangidwa ndi njerwa zimenezo. Kudalinso Apayoniya, gulu limene lidayamba mu 1963 ndi cholinga chophunzitsa achinyamata ulimi ndi luso. Koma pa zonsezi palibe adatifunsapo kuti msewu ulowere kuti kapena chipinda chimangidwe pati. Wachinyamata adali manja ndi miyendo, mutu uli kwina. Mathero ake tidawaona: gulu lophunzira kulima lidasanduka loopseza anthu pa nkhani ya makadi a chipani, kufikira asilikali adalilanda zida mu December 1993 pa Operation Bwezani. Mnyamata wophunzitsidwa kumvera yekha, osaphunzitsidwa kufunsa chifukwa, amamvera aliyense amene wagwira mluzu.

Mtundu wa masiku ano ndi waulemu kuposa uja, koma nthawi zina ndi wopanda kanthu chimodzimodzi. Paulendo umene tidakafika ku Nzama tidagona kwa mbale wathu wophunzitsa m'mudzi wina wa m'boma lomwelo, ndipo m'mawa mwake tidakhala nawo pa msonkhano wa achinyamata umene bungwe lina lidaitanitsa. Anyamata ndi atsikana adavekedwa malaya olembedwa dzina la pulogalamu, adaimba, adachita sewero la kuipa kwa mimba za ana, alendo nkuwomba m'manja. Mapepala akuluakulu adapachikidwa pakhoma, koma mitu yake idali italembedwa kale mumzinda. Kenaka padayenda pepala losainira alawansi, ndipo apo m'pamene nkhope zidawala. Sitikuwadzudzula anawo, pakuti amene alibe sopo sangakane ndalama ya sopo. Koma tidadzifunsa kuti pa zonse zimene bungwelo lidakonza kuchita chaka chimenecho, n'chiti chikadasintha anawo akadati ayi. Ngati palibe, ndiye kuti adaitanidwa kudzakongoletsa chithunzi cha lipoti.

Pano wina anganene kuti, "Si zomwe takhala tikunena? Mabungwewa angotisokonezera ana." Tisathamange. Mlandu wa akulu uli ndi mphamvu yake, ndipo tiyenera kuumva wonse tisanauyankhe.

Akulu amati mawu awo amakoma akagonera, ndipo sanama. Pali zinthu zimene munthu sangazidziwe asanakhale ndi zaka: kuti ngongole imakula usiku, kuti chikondi cha pa doko chimatha usipa ukatha, kuti ulendo wa ku Joni wopanda mapepala umatha kuthera m'chitokosi kapena m'bokosi. Amatinso pulogalamu ili ngati mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Ikatha zaka zake zitatu galimoto zija zimapita, ndipo mwana akadwala kapena akatenga pakati amene amagona naye m'chipatala ndi mayi wake, osati wolemba lipoti. Amene adzasenze zotsatira, iwo amati, ndiye ayenera kugwira chiwongolero.

Kafukufuku wina wodziwika bwino amawaikira umboni pang'ono. Mu 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba, ofufuza ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi ku mabanja a atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22, gawo lina kwa kholo, gawo lina m'manja mwa mtsikana mwini. Pamene ndalamazo zinkaperekedwa zinthu zidasintha: atsikana ambiri adakhalabe pasukulu, ena adachedwa kukwatiwa ndi kutenga pakati, ndipo pakati pa ana a sukulu olandira ndalama padapezeka ochepa okhala ndi kachilombo ka HIV poyerekeza ndi anzawo osalandira. Koma ofufuza omwewo atabwerera patapita zaka ziwiri chithere ndalamazo, adapeza kuti zambiri mwa zabwino zija zidali zitazilala. Akulu angati, "Mwaona?" Ife tikuonamo zinthu ziwiri. Choyamba n'chomwecho, kuti chochokera kunja chikapanda mizu pakhomo chimafota. Chachiwiri akulu sakonda kuchitchula: mtsikana atangogwira ndalama pang'ono m'manja mwake, adasankha sukulu. Sikuti ankasowa nzeru. Ankasowa mpata.

Mwina mbali ina ya chisokonezo ili m'mawu oti "wachinyamata" enieniwo. Ndondomeko ya boma ya 2013 imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35. M'thumba limodzi muli mwana wa Sitandade 4 ndi bambo wa ana anayi amene ali ndi bwato lake. Kunena kuti onsewa apatsidwe mawu ofanana n'kusaganiza, ndipo kunena kuti onsewa akhale chete n'kusaganizanso. Makolo athu adali ndi magawo omveka bwino kuposa awa. Jando ndi nsondo kwathu kuno, ngakhale pali zina m'menemo zoyenera kukonzedwa, zinkalengeza poyera kuti uyu wasiya umwana, tsopano aziyankhulidwa mwina. Vuto n'lakuti tidasunga mwambo wa kumuuza mwana kuti wakula, koma mpando wa munthu wamkulu sitimupatsa.

Apa m'pamene mlandu wa akulu umayamba kutsimphina. Mnyamata wa zaka 14 timamulola kupalasa bwato usiku wonse pakati pa nyanja, mwera ukuwomba, ndipo ndalama akabwera nazo timalandira ndi manja awiri. Mtsikana wa msinkhu womwewo timamusiyira ana, moto ndi mtondo, ndipo kufikira posachedwapa tinkamuona wokhwima mokwanira kukhala mkazi wa munthu. Koma yemweyo akati atsegule pakamwa pabwalo, timati, "Iwe ndiwe mwana, ukudziwa chiyani?" Ndi wamkulu pamene tikufuna thukuta lake, ndi mwana pamene akufuna kutiuza maganizo ake. Tikayang'anitsitsa, tikuchita zomwe zija za Youth Week, kungoti tikuzichitira pakhomo.

Nkhani ya maukwati a ana iyenera kutichititsa manyazi koposa, chifukwa ikuonetsa kuti chilolezo cha kholo si nthawi zonse chimene chimateteza mwana. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, koma malamulo aakulu oyendetsera dziko adali akulolabe mwana wa zaka 15 mpaka 18 kukwatiwa ngati makolo avomera. Chitseko chimene ana ankatulukira m'kalasi kupita ku banja chidali ndi dzina lathu: kuvomera kwa makolo. Nyumba ya Malamulo idachitseka mu February 2017. Ndipo amene adakankha si alendo okha. Ku Dedza, boma loyandikana ndi Ntcheu, Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Ku Chiradzulu atsikana enieniwo, mmodzi wa iwo Memory Banda amene mng'ono wake adatenga pakati ali ndi zaka 11, adapita kwa mafumu kukapempha malamulo a m'mudzi oletsa mchitidwewu. Pa nkhani imeneyi ana adaona bwino kuposa akulu ambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: msana umene unkasenza katunduyo udali wawo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi wa akulu omwewo, ndipo pa nkhani za umoyo ulibe wotsutsa. Pali chidziwitso chimene zaka sizipereka, chimene ali nacho mwini thupi yekha. Ena a ife tidakula tikumva kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, pamene adali likodzo, nthenda ya tizilombo tochokera ku nkhono za m'madzi momwe tinkasambamo, imene mankhwala a praziquantel ogawidwa m'sukulu amachiza. Ndi angati adavutika zaka chifukwa choopa kuuza bambo awo? Mtsikana amene amajomba kusukulu masiku anayi mwezi uliwonse amadziwa chifukwa chake, koma komiti ya sukulu yodzaza abambo ingathe kukambirana za kujomba chaka chathunthu osalingalira za chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi madzi. Katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene boma lidayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019, amakanidwa m'makomo ena chifukwa cha mphekesera za akulu, pamene khansayo idzagwira thupi la mwanayo ife titapita kale.

Chovuta kwambiri kuchimeza ndi chinsinsi. Malamulo a dziko lino amalola mwana wa zaka 13 kukayezetsa HIV popanda chilolezo cha kholo. Kholo lililonse likamva zimenezi mtima umalumpha, ndipo nafenso umalumpha. Mwana amene tidamubereka, timamudyetsa, akalowe m'chipinda ndi mlendo nkutuluka ndi nkhani imene ife sitikuidziwa? Koma tiyeni tifunse moona mtima chimene chingachitike lamuloli litachotsedwa. Mwanayo sadzabwera kwa ife kudzapempha chilolezo. Adzangokhala osayezetsa. Kusankha kumene kulipo si pakati pa mwana wouza kholo ndi mwana wouza namwino, koma pakati pa mwana wouza namwino ndi mwana wosauza aliyense. Kholo lofuna kuti mwana aziliuza zinthu silingazipeze mwa lamulo. Lingazipeze pokhala munthu amene mwana akamuuza choopsa, choyamba kutuluka si chibonga kapena mawu oti "watichititsa manyazi." Kale ntchito imeneyi idali ya azakhali, agogo ndi anankungwi. Kumene iwo adakali ndi khutu, namwino amakhala wachiwiri. Kumene adasanduka oweruza, asadabwe kuona mwana akuwalambalala.

Tsono tisiye chiyani, tigwiritse chiyani? Ife tikuona kuti kumva munthu ndi kumugonjera ndi zinthu ziwiri, ndipo mantha athu ambiri amachokera pa kuzisakaniza. Mfumu yabwino pabwalo imamva mbali zonse, koma si onse amapambana mlandu. Chimene woluza amapita nacho kwawo n'chakuti adalankhula mpaka kumaliza, ndipo adauzidwa chifukwa chimene mlandu wagwera uko. Zimenezi n'zimene mwana ali nazo mangawa kwa ife: kumaliza mawu ake, ndi kupatsidwa chifukwa. "Chifukwa ndanena ine" si chifukwa. Ndi mluzu uja.

Akale adasiyanso muyeso wina wanzeru pamene adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere, imufotere yekha m'manja. Nyanga ya nsatsi ikafota palibe wafa. Mnyamata akafuna kuyesa mbewu yachilendo pa kachigawo ka munda, gulu la achinyamata likafuna kuyendetsa lokha thumba lawo la ndalama, mtsikana akafuna maphunziro a zamagetsi m'malo mwa kusoka, asemereni. Akalakwitsa adzaphunzira zimene mawu athu sakadawaphunzitsa. Koma pali nyanga zina zosafota, zimene zimabaya: mimba pa zaka 14, kusiya sukulu chifukwa cha ndalama za usipa, ulendo wa usiku wodutsa malire mozemba. Pamenepo wamkulu aime nji, ndipo pulogalamu iliyonse youza mwana kuti ufulu wake ndi kuchita chilichonse ikumunamiza. Chodabwitsa n'chakuti ife kawirikawiri timachita motembenuza. Timakaniza tinthu tating'ono monga mpira, zovala ndi mayina a magulu awo, koma pa zazikulu zosabwezeka timayang'ana kumbali chifukwa pali mkamwini wa ndalama kapena chiyembekezo cha katundu wochokera ku Joni.

Muyeso umene tikuyezera mabungwe tiyenera kulola kuti utiyezenso. Bungwe likabwera m'mudzi ndi pulogalamu ya achinyamata, mfumu ndi makolo ali ndi ufulu wolifunsa kuti litchule chinthu chimodzi chimene lidasintha chifukwa achinyamata adatsutsa, kuti ndalama zikadzatha chidzatsale n'chiyani, ndiponso chifukwa chake likufuna kulankhula ndi ana athu popanda kulankhulanso nafe. Bungwe loona silingakhumudwe ndi mafunso amenewa. Koma likatembenuka nkutifunsa kuti m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi, m'komiti ya pa doko, m'komiti ya sukulu kapena ya pa mzikiti muli angati osakwana zaka 25, ndipo adanenapo chiyani chimene chidatsatidwa, ambiri a ife tidzayang'ana pansi. Achinyamata timawakumbukira pa kukumba manda, kusenza njerwa ndi kuphika pa sadaka.

Msonkhano wa kumapiri uja udali ndi kanthu kena kamene sitidakatchule. Chakumapeto, woyendetsa zokambirana atafunsa mwamwambo chabe ngati pali wowonjezera, mtsikana wina wovala yunifolomu yofwifwa adaimirira. Adati sewero lija adalichita bwino, koma iye ali ndi funso. Onse amawauza kuti azipita kuchipatala akakhala ndi vuto, koma nthawi imene achinyamata amalandiridwa ndi yomweyo imene iwo ali m'kalasi, ndipo akati apite m'mawa amakaima pamzere umodzi ndi amayi a m'mudzi mwawo, amene dzuwa lisanalowe amakhala atafikitsa nkhani kunyumba. Bambo wina wachikulire adamudula, nati, "Mwana iwe, khala pansi, alendowa atopa." Mtsikanayo adayamba kupinda mawondo. Pamenepo gogo wina amene adakhala pamphasa kumbuyo, amene sadalankhulepo tsiku lonse, adati, "Msiyeni amalize."

Adamaliza. Adapempha kuti pakhale tsiku limodzi masana, sukulu itaweruka, ndi khomo lolowera lakumbali. Woyendetsa zokambirana adayang'ana fomu yake kutsogolo, nayang'ananso, koma padalibe mzere wolembapo zoterozo. Adaitembenuza nalemba kumbuyo kwake.